Musanatsuke khobidi lakale kapena kulipira kuti aligirede, tamvani kaye izi

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi abale anga omwe akusunga makobidi akale m'zitini za tiyi, m'masutikesi ndi kunsi kwa matiresi, ali ndi chiyembekezo choti tsiku lina makobidiwo adzawagulira malata ndi galimoto. Ine ndimagwira ntchito m'sitolo ina yogula ndi kugulitsa makobidi kuno ku Johannesburg. Sindine wogireda ayi. Yanga ndi ntchito ya m'chipinda chakuseri: kuika makobidi pa sikelo, kulemba mafomu, kulongedza omwe akupita kunja kukagiredwa, ndi kumasula mabokosi akabwerako. Poti akwathu ambiri akudziwa komwe ndimagwira, zithunzi za makobidi sizitha pa foni yanga. Zina zimachokera ku Mangochi, zina ku Mzimba, zina kwa anzanga a konkuno ku Rosettenville ndi ku Mayfair, ndipo funso limakhala limodzimodzi: "Achimwene, ili lingagulidwe zingati?" Masiku ano kwawonjezereka funso lina, lomwe landichititsa kulemba kalatayi: "Akuti ndilipire kaye kuti aligirede, nditumize?"

Wogireda amayankha mafunso awiri okha. Kodi khobidili ndi lenileni? Nanga lasungika bwino motani kuchokera tsiku lomwe linasulidwa? Za mtengo iye sanenapo kanthu. Mtengo umachokera pa kusowa kwa khobidilo ndi kuchuluka kwa anthu olifuna, ndipo palibe kabokosi ka pulasitiki komwe ogireda amatsekeramo khobidi, kaya kachokera ku kampani yotchuka motani, komwe kangasandutse khobidi lopezeka paliponse kukhala losowa. Anthu athu akuluza ndalama chifukwa sanauzidwe zimenezi.

Ntchito yogiredayi inayambira ku America, ndipo inabadwa chifukwa cha mikangano. Kale wogulitsa ankadzinenera yekha kuti khobidi lake ndi labwino kwambiri, ndipo poti malonda ambiri ankayenda pa positi, wogula ankaona zoona zake ndalama atatumiza kale. M'chaka cha 1949 William Sheldon anakonza muyezo wa manambala oyambira 1 kulekeza 70 wa masenti akale amkuwa a dziko lawo, ndipo patapita zaka muyezowo unafalikira ku makobidi amitundu yonse. Mu 1972 bungwe la American Numismatic Association linatsegula nthambi yotchedwa ANACS, yomwe poyamba inkangotsimikiza ngati khobidi lili lenileni n'kupereka chikalata chokhala ndi chithunzi chake. Koma chikalata chili pachokha, khobidi lili palokha, munthu wachinyengo angathe kusinthanitsa. Ndiye mu 1986 kunabwera kampani yogireda ya PCGS ku California, mu 1987 n'kubwera ina ya NGC, yomwe lero likulu lake lili ku Sarasota m'chigawo cha Florida. Awiriwa ndi amene anafalitsa njira yotsekera khobidi pamodzi ndi kapepala kake m'kabokosi kolimba ka pulasitiki koonekera mkati, komwe sungakatsegule popanda kukaswa. Amalonda amakatcha slab. Pa kapepalako pamalembedwa dziko, chaka, mtundu wa khobidi, giredi ndi nambala yakeyake ya kabokosiko. Mtengo salembapo.

Khobidi likafika kumeneko limapatsidwa nambala, ndipo ogireda sadziwa kuti mwini wake ndani. Limadutsa m'manja mwa akatswiri osachepera awiri. Amaligwira m'mphepete, amalipendeketsa uku ndi uku pansi pa nyale kuti aone mmene kuwala kukuyendera, kenako amatenga kagalasi kokuza zinthu n'kuyang'ana malo otukuka monga tsaya, tsitsi ndi khutu la munthu wojambulidwapo, chifukwa khobidi limayambira pamenepo kuperepeseka. Nambala 1 ndi khobidi lofufutika moti ungongozindikira mtundu wake basi. G 4, VG 8, F 12 ndi VF 20 ndi makobidi omwe anayenda kwambiri m'misika. XF 40 linayenda pang'ono, AU 50 mpaka 58 linangokhudzidwa pamwamba. Kuyambira MS 60 mpaka MS 70 ndi khobidi lomwe silinagulepo kanthu chisulidwire, ndipo 70 ndi lopanda chilema chilichonse ngakhale utalikuza kasanu. Omwe anasulidwa mwapadera kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa, aja onyezimira kwambiri obwera m'timabokosi ta nsalu yofewa, amalembedwa PF kapena PR. Amkuwa amawawonjezera zilembo za mtundu: RD ngati likadali lofiira, RB ngati layamba kuda, BN ngati lasanduka lodera.

Aliyense amene anagulitsapo fodya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma sangavutike kumvetsa. Giredi ya belo imasiyanitsadi mtengo, ndipo mlimi wosakaniza masamba amalira. Koma chaka chomwe fodya walimidwa wambiri kuposa amene ogula akufuna, ngakhale belo la giredi yapamwamba limagwa mtengo kapena kubwezedwa kumene. Makobidi ndi chimodzimodzi.

Chomwe chimandiwawa kuposa zonse ndi kutsuka. Munthu akangomva kuti khobidi lake lingagulidwe, amayamba walikwecha ndi phulusa, mchenga, mandimu, waya wotsukira mapoto kapena mankhwala opukutira zitsulo, kuti likafike kwa wogula likuwala. Akatero wawononga ndi manja ake chinthu chomwe wogulayo akanalipira. Khobidi likamasulidwa, chidindo chimapanikiza chitsulo ndi mphamvu yaikulu moti chitsulocho chimayenderera kuchoka pakati kupita m'mphepete, n'kusiya timizere ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Timizereto ndi tomwe timachititsa kuti ukapendeketsa khobidi latsopano kuwala kuzizungulira pankhope pake. Ukalikwecha timizereto timachoka, m'malo mwake mumatsala tozikanda tolunjika mbali imodzi, ndipo palibe mmisiri padziko lapansi angatibwezeretse. Wogireda amazindikira zimenezi asanatenge n'kagalasi komwe. Khobidi lotere salipatsa nambala. Amalitsekera ndithu m'kabokosi ngati lili lenileni, koma amalemba mawu ngati "AU Details, Cleaned", ndipo osonkhanitsa akaona mawu amenewo ambiri amangodutsa. Zimateronso ndi khobidi loboola ndi msomali kuti limangidwe pa mkanda, lopindika, kapena lodyeka ndi chinyezi. Kuda komwe khobidi lasiliva limada pakapita zaka si litsiro, ndipo alipo ogula amene amawonjezera ndalama chifukwa cha mtundu womwewo.

Bambo wina wachikulire wa ku Nkhata Bay, amene amagwira ntchito ya m'munda wamaluwa ku Randburg, anabwera kusitolo kwathu ndi mahafukoloni (makobidi asiliva a mashilingi awiri ndi theka) a South Africa a zaka za m'ma 1930, omwe malemu bambo ake anasunga kuchokera nthawi yomwe ankagwira m'migodi pa Wenela. Anandiuza mosangalala kuti wachezera usiku kuwapukuta limodzilimodzi. Mwa iwo munali ena omwe zilembo zawo zinali zakuthwa bwino, oti akanawasiya mmene analili akanakopa wosonkhanitsa. Tinawaika pa sikelo n'kumulipira mtengo wa siliva basi. Ndinamulongosolera m'Chichewa chifukwa chake, ndipo anangoti, "Mwana wanga, palibe anandiuza." Mawu amenewo ndi omwe ndikufuna nyuzipepala yanu iwachotse pakamwa pa anthu.

Tsopano za khobidi lomwe lavutitsa a Malawi ambiri kuno, R5 ya Mandela. Mu July 2008, pokondwerera kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 90, South African Reserve Bank inatulutsa R5 yokhala ndi nkhope yake. Linali khobidi logulira zinthu ngati lina lililonse, ndipo anasula mamiliyoni ambiri. Anthu anakhamukira kumabanki n'kumasunga matumba athunthu. Amalonda anayamba kuwatumiza ku America kukagiredwa. Apa mpofunika kudziwa kuti NGC ndi PCGS amasunga kaundula, woti aliyense angamuone pa intaneti, wosonyeza kuti khobidi la mtundu wakutiwakuti lagiredwa kangati pa nambala iliyonse. Miyezi yoyambirira, makobidi a Mandela a giredi yapamwamba anali ochepa m'kaundulamo, osati chifukwa anali osowa, koma chifukwa ambiri anali asanatumizidwe. Ogula anaona manambala ochepawo n'kulipira ndalama zambiri. Matumba atapitiriza kutumizidwa, kaundula anatupa kufika masauzande ambirimbiri, mitengo n'kugwa. Amene anagula pachiyambi poganiza kuti asungira ana sukulu fizi anatsala ndi timabokosi tokongola tomwe lero timavuta kugulitsa ngakhale pa mtengo womwe unalipiridwa pogireda.

Giredi ya pa timabokosito sinali yabodza. MS 66 analidi MS 66. Cholakwika chinali kuganiza kuti nambala yapamwamba ndiyo kusowa. Banki yaikulu ya kuno yanenapo mobwerezabwereza kuti makobidi okumbukira zinthu omwe amayenda m'manja mwa anthu, monga R5 ya Griqua Town ya 2015, ya OR Tambo ya 2017 ndi ya Mandela ya 2018, mtengo wake ndi R5 yomweyo, ndiponso kuti iyo sigula makobidi otere. Komabe mpaka lero ndimakumana ndi anyamata akwathu, oti malipiro awo ndi ochepa kale, akusunga ma R5 otola pa chenje cha takisi, okandikakandika, akukana kugulira buledi. Khobidi lomwe ladutsa pa takisi silingapeze MS, ndipo kulitumiza kukagiredwa n'kutaya ndalama.

Kuti muone kusowa kwenikweni, tengani khobidi lagolide la paundi imodzi la boma la Paul Kruger, pulezidenti wa dziko la Mabuno la Transvaal, lotchedwa Single 9. Nkhondo ya Mabuno ndi Angerezi itayamba mu 1899, zidindo za chaka chimenecho zochokera ku Germany sizinafike ku Pretoria. Osula ndalama anaganiza zosula ndi zidindo za 1898 n'kudinda pakhobidipo nambala 9 kunsi kwa chithunzi cha Kruger. Atadinda loyamba anaona kuti 9 wakula kwambiri mpaka wakhudza chithunzicho, ndiye anasiya, ndipo ena 130 otsatira anawadinda 99 wamng'ono. Loyambalo linatsala lokhalokha padziko lonse. Linaperekedwa kwa kazembe wa America ku Pretoria, linadzakhalapo m'manja mwa Mfumu Farouk ya ku Egypt, ndipo mu January 2025 linagulitsidwa pa okushoni ya Heritage Auctions pa madola 2.16 miliyoni. Giredi yake ku NGC ndi MS 63, yotsika kuposa ma R5 a Mandela masauzande omwe ali ndi 65 ndi 66. Ntchito ya wogireda pamenepo inali kutsimikizira wogula kuti ili ndi lomwe lija, osati lopangidwa dzana. Mamiliyoniwo anabwera chifukwa palibe lachiwiri.

Nanga za m'zitini zathu? Zithunzi zomwe ndimalandira kawirikawiri zimakhala za makobidi a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, omwe anayamba kusulidwa mu 1955: khobidi loboola pakati lokhala ndi njovu ziwiri, latheka lake lokhala ndi akadyamsonga, tiki ya duwa, sikisipensi ya mkango, mashilingi awiri a nkhwazi. Ena ndi oyamba a Malawi a 1964 okhala ndi nkhope ya Dr. Kamuzu Banda, sikisipensi ya tambala, shilingi ya chimanga, fuloleni ya njovu, ndiponso matambala a 1971, chaka chomwe tinasiya mapaundi n'kuyamba kwacha. Ndi makobidi okongola, ndipo ine ndimawakonda kuposa ambiri omwe ndimalongedza tsiku ndi tsiku. Koma anasulidwa ochuluka zedi kuti dziko lonse ligulire mchere ndi palafini, ndipo omwe ankayenda m'manja mulibe siliva kapena golide. Loperepeseka limagulitsidwa m'mbale ya makobidi osakaniza. Lomwe lingapatse wosonkhanitsa chidwi ndi lija lomwe silinayendepo, kapena seti yonse ya PF ili m'kabokosi kake koyambirira. Siliva mungamupeze m'makobidi a Southern Rhodesia ofika chaka cha 1946, mu korona (khobidi la mashilingi asanu) ya 1953 yokumbukira Cecil Rhodes yomwe ili ndi chizindikiro cha Nyasaland, ndi m'makobidi oyera a South Africa omwe agogo athu ankabwera nawo kuchokera ku Joni: magawo 80 pa 100 mpaka 1950, theka kuyambira 1951 mpaka 1964. Amenewo ali ndi mtengo wa chitsulo chawo ngakhale atafufutika, ndipo safuna wogireda, amangofuna sikelo yoona.

Mlamu wanga wina anandiimbira kuti wamva zoti m'khobidi loboola lija muli mankhwala omwe azungu akuwafuna mobisa, ndi kuti lomwe lakakamira maginito ndiye lodula. Mulibe kanthu kotero. Khobidi loboola la Chitaganya ndi mkuwa wosakaniza pang'ono ndi zitsulo zina, ndipo bowo lake linabooledwa ku fakitale. Matambala ena a zaka zapambuyo amakakamira maginito chifukwa mkati mwake ndi chitsulo wamba chongokutidwa, chomwe boma linasankha poti n'chotchipa.

Funso loyamba lija, loti khobidi ndi lenileni kapena ayi, ndi lomwe ogireda amathandizapo kwambiri, ndipo apa ndimawayamikira ndi mtima wonse. Opanga achinyengo apita patsogolo. Akale ankasungunula chitsulo n'kuthira m'chikombole, ndipo ankagwidwa msanga chifukwa cha timabowo pankhope ndi mzere wolumikizira m'mphepete. Amakono amakopera chidindo kuchokera ku khobidi lenileni n'kusula ndi makina. Chomwe chimawagwiritsa n'choti chilema chilichonse cha khobidi lomwe anakoperalo chimabwerezeka pamalo amodzimodzi pa onse omwe apanga, ndipo makampani ogireda, poti amaona makobidi ochuluka kwambiri, amasunga zithunzi za zilema zoterozo. Ife m'sitolo timayamba ndi sikelo ndi choyezera kukula. Krugerrand yeniyeni, khobidi lagolide la South Africa, imalemera magalamu 33.93 ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 32.77. Golide ndi siliva sakakamira maginito. Koma pali chitsulo chotchedwa tungsten chomwe chimalemera pafupifupi mofanana ndi golide, ndipo makina a XRF omwe amawerenga zitsulo amangoona pamwamba. Khobidi lokutidwa bwino lingadutse poyeza pamodzi n'kukagwidwa pena, n'chifukwa chake palibe katswiri woona amene anganene kuti khobidi lanu ndi lenileni atangoona chithunzi cha pa WhatsApp.

Ngakhale chaka cholembedwa pakhobidi si umboni wa zaka zake. Ndalandirapo zithunzi za khobidi lalikulu lasiliva la Maria Theresa lolembedwa 1780, eni ake akukhulupirira kuti apeza chuma cha zaka zoposa 240. Khobidi limenelo amalonda a ku Arabia ndi kum'mawa kwa Africa ankalikhulupirira kwambiri moti mayiko angapo anapitiriza kulisula osasintha chaka, mpaka anafika mamiliyoni mazanamazana, ndipo ku Vienna amalisulabe ndi 1780 yomweyo. Ambiri mtengo wawo ndi wa siliva wa m'magalamu 28 akewo. Kwinaku kuli chinyengo chosintha chaka. Tiki ya South Africa ya 1931 ndi yosowa kwambiri, anasula zosakwana 200, ndiye anthu amatenga tiki wamba ya chaka china cha m'ma 1930 n'kukonza nambala yomaliza kuti ioneke ngati 1. Chimodzimodzi khobidi lagolide la marupiya 15 lokhala ndi njovu, lomwe Ajeremani anasula ku Tabora mu 1916 nkhondo ili mkati, pafupifupi 16,000 okha: achinyengo ake ndi ambiri. Makobidi ngati amenewa ndiwo oyenera kugiredwa, chifukwa popanda kabokosi palibe wogula wanzeru angatulutse ndalama.

Sindikuti ogireda salakwa. Giredi ndi maganizo a anthu, ngakhale ali akatswiri. Kusiyana kwa MS 64 ndi MS 65 nthawi zina kumakhala kachilema kamodzi patsaya, koma mtengo ungachuluke kawiri kapena kuposa. Chifukwa cha ichi alipo amalonda omwe amaswa kabokosi n'kutumizanso khobidi lomwelo mpaka litakwera nambala imodzi, ndipo zimachitika kuti limakweradi. Zimenezi zimasokonezanso kaundula uja, poti khobidi limodzi lingawerengedwe kangapo. Zinafika poti mu 2007 John Albanese, mmodzi mwa omwe anayambitsa makampani awiri akuluakulu aja, anatsegula CAC, yomwe ntchito yake inali kuyang'ananso makobidi ogiredwa kale n'kumata kachizindikiro kobiriwira pa omwe akuyenereradi giredi yawo. Komabe ndikayerekeza ndi mmene zinthu zimakhalira popanda ogireda, ndimaona kuti amateteza munthu wamng'ono. Mmalawi wolowa m'sitolo ya ku Sandton ndi khobidi m'thumba sangatsutsane ndi mwini sitolo akati ndi lofufutika kapena ndi lokayikitsa. Akalowa ndi kabokosi ka NGC kapena PCGS mkanganowo watha, chatsala n'kukambirana mtengo. Makampani awiriwa amalonjezanso kubweza ndalama ngati khobidi lomwe analitsimikiza lipezeka kuti ndi lachinyengo, ndipo sagula kapena kugulitsa makobidi omwe amagireda.

Mfundo yomalizayi ndi yomwe ingakupulumutseni kwa akuba a pa foni. Mchemwali wanga wina wa kumudzi anaika chithunzi cha makobidi a malemu amuna ake pa Facebook. Tsiku lomwelo munthu anamulembera kuti ndi wogula wa kunja, kuti makobidiwo ndi a mamiliyoni, koma malamulo akuti ayambe alipira ndalama ya satifiketi yogiredera. Anagulitsa mbuzi n'kutumiza pa foni. Kenako anauzidwa za ndalama ya inshuwalansi, kenako ya kasitomu, ndipo atanena kuti alibenso, nambala ija inaleka kupezeka. Wogula weniweni sakupemphani ndalama. Wogireda weniweni sagireda chithunzi, sakulonjezani mtengo, ndipo sakupezerani wogula. Khobidi liyenera kufika m'manja mwake. NGC ili ndi maofesi ku London, Munich, Hong Kong ndi Shanghai, PCGS ili ndi ina ku Paris, ndipo munthu amatumiza kudzera mwa wamalonda wovomerezeka kapena atalipira umembala. Kuno kuli kampani ya SANGS yomwe imagireda konkuno, ngakhale ogula a kunja amadziwa kwambiri awiri a ku America aja. Mukaphatikiza malipiro ogiredera, kutumiza ndi inshuwalansi, khobidi limodzi limadya marandi mazana angapo, ndipo mumadikira masabata kapena miyezi. Abwana anga salola kutumiza khobidi pokhapokha mtengo womwe tikuyembekezera ukuposa ndalama zimenezo kangapo.

Amene akufuna kugula khobidi la m'kabokosi achenjerenso, chifukwa timabokosi tachinyengo tiliponso, tokhala ndi manambala okopera ku timabokosi tenitenti. Lowetsani nambalayo pa tsamba la kampani yomwe yalembedwapo. Kupezeka kwa nambala pakokha sikokwanira. Ngati pali chithunzi, yerekezani kadontho ndi kachilema kalikonse ndi khobidi lomwe lili m'manja mwanu. Kenako onani m'kaundula kuti a giredi imeneyo alipo angati, ndipo fufuzani mitengo yomwe makobidi otero anagulitsidwadi pa okushoni, osati yomwe anthu akuitanira. Pa intaneti munthu angalembe R500,000 pa R5 wamba, ndipo palibe angamuletse. Nkhani zambiri zomwe zimazungulira m'magulu a WhatsApp zimachokera pa mitengo yongoitanira yotereyi.

Kwa amene ali ndi chitini kunyumba, langizo langa ndi lalifupi. Musatsuke, ngakhale ndi nsalu. Gwirani m'mphepete. Omwe akuoneka atsopano muwalekanitse kuti asamakhulane, muwakulunge lililonse palokha m'kapepala kouma, osati m'timapulasitiki tofewa tija tomwe pakapita nthawi timasiya zobiriwira pakhobidi, ndipo muwasunge pouma. Lembani dziko ndi chaka cha lililonse. Ngati muli ndi m'bale wodalirika kuno kapena ku Britain, afunse masitolo awiri kapena atatu osiyana asanavomere mtengo. Ndipo ngati zapezeka kuti ndi makobidi wamba, musawataye. Mwana wobadwa lero sanaonepo tiki kapena fuloleni, ndipo aphunzitsi a mbiri ya dziko angasangalale kukhala nawo m'kalasi pophunzitsa za Chitaganya ndi za 1964.

Akonzi, ndili ndi mapempho awiri kwa inu. Loyamba, mtolankhani wanu akafunse a Reserve Bank of Malawi kuti anene poyera, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ngati iwo amagula makobidi akale kapena ayi, monga inachitira banki yaikulu ya kuno, ndiponso ngati angatulutse chiwerengero cha makobidi omwe anasulidwa chaka chilichonse kuyambira 1964. Mawu a banki angamveke kumudzi kuposa mawu a ine wolongedza mabokosi. Lachiwiri, mukamalemba nkhani yoti khobidi lagulitsidwa mamiliyoni kunja, muzilembanso m'nkhani yomweyo kuti makobidi otero alipo angati padziko lonse, anagiredwa ndi ndani, ndipo anagulitsidwa pa okushoni iti.

Ndine wowerenga wanu,
Rosettenville, Johannesburg